Kodi "kapezedwe" ndi mawu okwanira potchula chuma cha munthu ndi malo ake pakati pa anzake?

WakuChinamwali
Akuluakulu, tigawane nzeru. Pa mafomu a kafukufuku, a bursary ngakhale a kuchipatala pamakhala mawu a Chingerezi aja oti socioeconomic status. Omasulira ambiri kuno ku Zomba amangolemba kuti "kapezedwe ka chuma", ena "za chuma ndi chikhalidwe", ena mpaka "umoyo wa munthu". Zitatuzi sizikunena chinthu chimodzi. Cholondola n'chiti? Nanga nyakwawa yopanda ngakhale njinga, koma ikayankhula mudzi wonse umakhala chete, tiyiika pamwamba kapena pansi?

Kabaza_Mpondabwino
Olemera ndi osauka basi. Zinazo n'zotalikitsa fomu.

MphunzitsiWakale
Achimwene a kabaza, mwadula msanga. Tiyambe tachotsa awiri olakwikawo. "Chikhalidwe" ndi miyambo. Mukafunsa mayi wa ku Jali za chikhalidwe chake akuuzani za chinamwali, za chikamwini kapena za mpingo umene amapemphera, ndipo akhala atayankha bwino lomwe funso limene mwafunsa. "Umoyo" nawo anthu anauzolowera ku Unduna wa Zaumoyo, ndiye yankho lake likhala la malungo ndi BP.

"Kapezedwe" ndi mawu abwino koma akunyamula theka la katundu. Mawu a mtundu uwu, oyamba ndi ka- n'kutha ndi -edwe kapena -idwe, amanena njira kapena mmene chinthu chimachitikira: kadyedwe, kavalidwe, kalimidwe. Choncho kapezedwe ndi mmene munthu amapezera zosowa zake, zochuluka bwanji komanso kudzera m'njira yanji. Sukulu imene anaphunzira, mtundu wa ntchito yake ndi ulemu umene anthu amamupatsa mulibe m'mawu amenewa. Pomwe mawu a Chingerezi aja anamangidwa pa mafuwa atatu: chuma, maphunziro ndi ntchito. Ine ndingalembe kuti "kapezedwe ka munthu ndi malo ake pakati pa anzake". N'zazitali, koma palibe chimene chatayika.

Namadidi
Aphunzitsi, bwanji osanena "kapezedwe ndi kakhalidwe"? N'zachidule.

MphunzitsiWakale
Kakhalidwe kali ndi nkhope ziwiri, mayi. Kangatanthauze mmene munthu akukhalira, nyumba ndi zogonera, koma ambiri akamva amaganiza za khalidwe, ngati ndi waulemu kapena chidakwa. Mukafunsa mfumu kuti kakhalidwe ka banja lakuti n'kotani, mumva za ndewu za usiku.

Owerengera_ZA
Ndiyankhe mbali ya kayezedwe, chifukwa vuto la mawu limachepa mukadziwa kuti mawuwo safunsidwa kwa woyankha. Amakhala mutu wa gawo pa fomu, owerenga ake ndi ofunsa ndi olemba lipoti. Woyankha amafunsidwa tizidutswa.

Njira zikuluzikulu zilipo ziwiri. Yoyamba ndi ya zimene banja limadya ndi kugula, imene National Statistical Office, yomwe likulu lake lili konkuno ku Zomba, imagwiritsa ntchito pa kafukufuku wa mabanja wotchedwa Integrated Household Survey. Zakudya amafunsa za masiku 7 apitawa, chimodzichimodzi: ufa, ndiwo, mafuta, shuga, mchere, ndipo ngakhale chimene banja lakolola lokha kapena lapatsidwa chimaikidwa mtengo. Zinthu zosagulidwa kawirikawiri monga zovala amafunsa za nthawi yotalikirapo. Zonse amaziphatikiza kukhala za chaka, n'kugawa ndi chiwerengero cha anthu a m'nyumbamo. Pa kafukufuku wa 2019/20 mzere wa umphawi unali K165,879 pa munthu pa chaka, ndipo anthu 50.7 pa 100 alionse anali pansi pa mzerewo. Osaukitsitsa, amene zonse zimene amagwiritsa ntchito sizifika ngakhale pa mtengo wa chakudya chokha, mzere wawo unali K101,293 ndipo anali 20.5 pa 100. Manambala a kwacha amenewa musawakopere pa fomu ya lero. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiye mukawagwiritsa ntchito osakonza, pafupifupi aliyense aoneka wopeza bwino.

Yachiwiri ndi ya katundu, ngati ya kafukufuku wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wotchedwa Demographic and Health Survey. Apa safunsa ndalama. Amaona denga ngati ndi la malata kapena udzu, pansi ngati ndi pa simenti kapena pozira, khoma, chimbudzi, kumene amatunga madzi, chimene amaphikira, magetsi, wailesi, foni, njinga, bedi, ziweto, munda. Kompyuta imapatsa chilichonse kulemera kwake potengera mmene chimasiyanitsira mabanja, kenako anthu amagawidwa m'magulu asanu, lililonse 20 pa 100. Dziwani kuti gulu lapamwambalo si la mpondamatiki ayi. Ndi amene aposa anzawo anayi mwa asanu, basi. Mphunzitsi wa pulaimale wa lendi ku Matawale, wa magetsi ndi mpopi panja, amalowa momwemo.

Ndipo onani kuti njira ziwirizi zikuyeza chuma chokha. Maphunziro ndi ntchito zimafunsidwa padera, ndipo ulemu sufunsidwa n'komwe.

WakuChinamwali
Ndiye nyakwawa yanga ija yagwera pansi?

Owerengera_ZA
Pa katundu yagwera pansi. N'chifukwa chake lipoti lolembedwa bwino limanena kuti "gulu la chuma" pamene layeza chuma chokha, osadzitama kuti layeza zonse.

AgogoAkuSadzi
Ana inu mukuvutika ndi mawu a eni ake pomwe Chichewa chinalumikiza kale zinthu ziwirizi. Tamverani: kulemera, kulemekeza, ulemu, ulemerero. Tsinde ndi limodzi. Thumba la chimanga limalemera, munthu wachuma walemera, ndipo kulemekeza munthu ndi kumuyesa wolemera, wosanyamulika ndi dzanja limodzi. Wosapatsidwa ulemu timati wapepuka, kapena anthu amupeputsa. Mbali inayi, kusauka ndi kuvutika, n'chifukwa pali kusautsa ndi masautso. Ndipo akuluakulu akale akati mmphawi, kawirikawiri ankanena munthu wopanda abale, wopanda womulirira. Munthu wa nkhokwe yopanda kanthu koma wa mbumba yaikulu sankamuwerengera pamodzi ndi mmphawi weniweni.

Kalaliki77
Agogo mwatiphunzitsa, koma lero mukalemba "kulemera kwa munthu" pa fomu ya kuchipatala, nesi akukwezani pa sikelo.

AgogoAkuSadzi
Mwana iwe, sindinati mulembe. Ndati mudziwe chimene mukusaka.

Matemba_Kachulu
Njira ya katunduyo kunyanja ya Chilwa kuno imanama kwambiri. Mwini makoka ndi mabwato awiri akhoza kugona m'chisakasa cha udzu kudooko miyezi yambiri, nyumba yake ya malata ili kumudzi kutali. Mukamupeza pamenepo, fomu imuika pansi limodzi ndi alovi amene amamukokera makoka. Chachiwiri, chuma cha ku Chilwa chimayenda ndi madzi. Nyanja inauma mu 1995, inaphwanso kwambiri mu 2018. Chaka choterocho bwato ndi thabwa chabe, koma pa fomu likadali katundu. Ndiye kwa asodzi onjezani mafunso awa: zida ndi zake kapena amagwira za wina, amalemba anthu angati, ndipo ali ndi munda wa mpunga kapena ayi, chifukwa wa munda ku sikimu ya Likangala kapena Domasi ali ndi pogwira nyanja ikakana.

Namadidi
Malatanso amanamiza. Nyumba zambiri za malata m'midzi anamanga ndi ana amene ali ku Joni kapena ku Lilongwe. Mkatimo muli gogo ndi zidzukulu zinayi, akudya kamodzi. Denga likuti wopeza bwino, mphika ukuti ayi.

Mlembi_Jali
Zimene mwanenazi ndi zimene zimabweretsa madandaulo pa Mtukula Pakhomo. Ndondomekoyi inayamba ku Mchinji mu 2006, ndipo muyezo wake wakhala wa mbali ziwiri: banja likhale losaukitsitsa, komanso lopanda ogwira ntchito okwanira. Mbali yachiwiriyi ikutanthauza kuti m'nyumbamo mulibe munthu wa zaka 19 mpaka 64 wamphamvu zogwira ntchito, kapena alipo koma mmodzi akusamalira anthu oposa atatu. Ankatenga pafupifupi mabanja 10 pa 100. Tsopano poti osaukitsitsa m'dziko muno ndi ochuluka kuposa pamenepo, mabanja awiri ofanana kapezedwe amatha kusiyana, lina kulowa lina kutsala, ndiye anthu amati komiti yakondera.

Pa mawu, chenjerani ndi atatu awa chifukwa m'mudzi sali ofanana. Wosauka ndi aliyense, ngakhale wa ng'ombe adzakuuzani kuti ndife osauka. Wovutika ndi amene zamuthina panopa, mwina chifukwa cha matenda kapena maliro, mawa akhoza kudzuka. Wovutikitsitsa kapena wosaukitsitsa ndi amene alibe podzukira. Palinso "ochepekedwa", amene ndi mawu aulemu oyenera pa msonkhano kapena pa wailesi, koma pa fomu ndi otakasuka kwambiri moti aliyense amalowamo.

Kumtunda nakonso kuli masitepe. Wopezako, wopeza bwino, wochita bwino, wolemera, kenako khumutcha ndi mpondamatiki amene ndi mawu a nthabwala kapena kaduka, osalemba pa fomu. Ndipo musafunse munthu pamaso kuti "Kodi ndinu olemera?" Palibe angavomere. Wina aopa kuchotsedwa pa mndandanda wa thandizo, wina aopa anansi amene akumvetsera kuseri kwa mpanda, poti kulemera msanga m'mudzi kumabwera ndi manong'onong'o a kukhwima.

Kabaza_Mpondabwino
Kutauni kuno n'zosavuta. Funsani kuti amakhala kuti. Mulunguzi, Old Naisi, Kalimbuka ndi kumayadi. Chikanda ndi Mpondabwino ndi kwathu.

MwanaWaMulunguzi
Zinali choncho kale, achimwene. Zomba inali likulu mpaka 1975, ndipo azungu a boma anamanga m'mphepete mwa phiri kozizira, makalaliki ndi amesenjala kumunsi. Mawu oti kumayadi anachokera ku nyumba za mabwalo aakulu zimenezo. Koma lero kuseri kwa nyumba iliyonse ya kumayadi kuli boys' quarter, ndipo mmenemo muli mlonda kapena wantchito ndi banja lake. Ku Chikanda nako muli ophunzira a ku yunivesite a lendi, chipinda chimodzi, matiresi pansi, mbaula ya makala. Pa katundu ali pansi penipeni, pa maphunziro ali pamwamba pa tauni yonse, ndipo zaka zisanu zikubwerazi ena mwa iwo ndiwo adzakhale mabwana. Malo okhala ndi chizindikiro, koma paokha sakwanira.

Kalaliki77
Chizindikiro chenicheni ndi ufa. Woyera kapena mgaiwa.

AnachisaleWaThondwe
Zimenezo zinatembenuka. Masiku ano mabwana a shuga ndi BP ndi amene akusaka mgaiwa, ufa woyera ausiyira ife.

Kalaliki77
Koma madeya sanatembenuke, achemwali. Mukaona munthu akupempha madeya kuchigayo mu February osati a nkhuku, musafunsenso fomu.

AnachisaleWaThondwe
Apo ndavomera. Ndipo ufa woyera uli ndi nkhani yake ya chuma: pokonola ndi kunyika, thumba limachepa kwambiri poyerekeza ndi kungogayitsa. Banja likasiya kukonola n'kuyamba mgaiwa pakati pa chaka, nthawi zambiri ndi nkhokwe imene yayamba kuoneka pansi, osati malangizo a dokotala.

Matemba_Kachulu
Nanga ndiwo? Bonya ndi matemba mbali ino, chambo mbali iyo.

WakuChinamwali
Tabwererani abale, tafika kukhitchini tsopano. Funso likadalipo: ulemu ndi udindo tiziyeza bwanji, poti kompyuta ya a Owerengera siziona?

Mlangizi_Chingale
Ilipo njira, ndipo imayamba ndi kusapereka tanthauzo lanu. Anthu a m'mudzimo ndiwo anene.

Lembani mabanja onse a mudzi, lililonse pa kakhadi kake. Mudzi ukaposa mabanja 100 ugaweni m'zigawo, chifukwa palibe amene amadziwa bwino nyumba zochuluka choncho. Banja muliwerenge monga odyera mphika umodzi, osati ogona denga limodzi. Pa mitala, mkazi aliyense wophika payekha ndi khadi lake. Sankhani timagulu titatu ta anthu atatu kapena anayi odziwa mudzi, kamodzi ka amayi okhaokha, ndipo tikhale patalipatali. Mfumu muilemekeze poyamba ndi pomaliza, koma isakhale m'kagulu, apo ayi aliyense ayang'ana nkhope yake asanaike khadi.

Funso likhale loti "Ikani pamodzi mabanja amene amakhala mofanana." Musatchule chiwerengero cha milu, ambiri amathera pa inayi kapena isanu. Akamaliza, funsani mulu uliwonse kuti awa afanana chiyani, ndipo dzina lawo ndi ndani. Mayina amene atuluke pamenepo ndiwo mawu oyenera kulowa mu lipoti.

Kuwerengera kwake: mulu wa pamwamba, wa opeza bwino koposa, ndi 1. Gawani nambala ya mulu ndi chiwerengero cha milu, muchulukitse ndi 100. Pa milu inayi, woyamba ndi 25, wachiwiri 50, wachitatu 75, wotsiriza 100. Phatikizani za timagulu titatu tija mugawe ndi 3. Banja limene kagulu kena kaliika pamwamba pomwe kena kaliika pansi, musalipezere pakati. Bwererani mukafunse, chifukwa nthawi zambiri pamenepo ndi pamene chuma ndi ulemu zasiyana njira, kapena asokoneza anthu awiri a dzina limodzi.

Zimene zimatuluka kawirikawiri si wailesi kapena foni. Ndi izi: chimanga chawo chimafika mwezi uti, amalemba aganyu kapena iwo ndiwo amapita kuganyu, amagula feteleza pawokha kapena amadikira makuponi, ana anafika sekondale kapena analekeza, ndipo pakagwa maliro amathandiza kapena amathandizidwa. Funso la ganyu ndi lakuthwa kuposa onse. Wopita kuganyu mu December ndi January amasiya munda wake osapalira, akolola zochepa, chaka chamawa abwereranso kuganyu. Wolemba ganyu amapeza zonse ziwiri, zokolola ndi anthu omutcha bwana.

Zolakwika zimene zimaononga ntchitoyi ndi zitatu. Kufika pa galimoto yolembedwa dzina la bungwe, anthu amaganiza za thandizo ndipo mudzi wonse umagwera mulu wotsiriza. Kuchita mu June anthu atangokolola, pamene aliyense akudya kawiri kapena katatu, kusiyana kumabisika. Ndi kuyerekeza midzi iwiri: 25 wa ku Chingale si 25 wa ku Songani pamsewu, chifukwa mudzi uliwonse wadziyeza ndi muyezo wake.

Owerengera_ZA
Chomalizacho n'chifukwa chake boma silingagwiritse njira imeneyi pa dziko lonse. Kaundula wa boma wa mabanja oyenera thandizo, wotchedwa UBR, amatenga mafunso ofanana kulikonse, kompyuta n'kuyerekeza kapezedwe, kenako mndandanda umabwerera kumudzi kuti anthu autsimikize. Njira ya a Mlangizi imaona zakuya koma pafupi, ya UBR imaona patali koma pamwamba.

Che_Malosa
Pali china chimene mafomu ochokera kunja amaphonya kuno kummwera. Amafunsa mutu wa banja, n'kulemba bambo, kenako amafunsa ngati mutu wa banjayo ali ndi munda. M'midzi yambiri ya Zomba, kwa Ayao, Alhomwe ndi Amang'anja, ukwati ndi wa chikamwini. Munda ndi wa mkazi ndi mbumba yake. Bamboyo akhoza kukhala ndi njinga yamoto ndi okala, koma pa nkhani za pamudzipo mawu ndi a mwinimbumba, mlongo wa mkaziyo, amene mwina alibe ngakhale nsapato. Banja likatha, mkamwini amanyamula chikwama. Ndiye malo a munthu amasintha ndi pamene waima: kwa mkazi wake ndi mlendo, kwawo ndi atsibweni olamula. Fomu ifunse padera kuti munda ndi wa yani, nyumba yamangidwa pa malo a yani, ndipo ndani amasankha zogulitsa zokolola.

Namadidi
Ndipo maphunziro musamafunse kuti "munaphunzira?" Aliyense ati eya. Funsani kalasi yomaliza imene anamaliza ndi satifiketi imene ali nayo, PSLCE, JCE kapena MSCE. Kumbukiraninso kuti pulaimale yaulere inayamba mu 1994. Gogo amene anafika Sitandade 8 nthawi ya fizi anachokera m'banja lopezako, pomwe mnyamata wa Sitandade 8 lero ndi wolekeza. Kalasi imodzi, tanthauzo losiyana.

Kabaza_Mpondabwino
Nanga mawu oti bwana? Ife aliyense wokwera ndi bwana.

MphunzitsiWakale
Mwakhudza penipeni, achimwene. "Bwana" ndiye mawu amodzi amene anthu wamba amalumikizira ndalama ndi udindo, ndipo tinabwereka ku Chiswahili. Koma ndi mawu a pakati pa anthu awiri. Mlonda amati bwana kwa kalaliki, kalaliki kwa DC, DC kwa nduna. Amakuuzani amene ali pamwamba pa mnzake pa nthawiyo, sakuuzani kuti ali pa sitepe iti. Ndipo wa kabaza akati bwana, theka ndi ulemu, theka ndi malonda.

A WakuChinamwali, mutenge chonchi. Pa mutu wa gawo lembani "Kapezedwe ka banja ndi malo ake pakati pa anthu". Ngati gawolo likufunsa katundu ndi chakudya chokha, lembani "Kapezedwe ka banja" n'kulekera pomwepo. Magulu muwatche osaukitsitsa, osauka, apakatikati, opezako bwino ndi opeza bwino. Mukamasulira, perekani Chichewacho kwa munthu wina amene sanaone Chingerezi chake kuti achibweze, muone ngati chabwerera chomwecho. Kenako yesani fomuyo pa anthu 10 kapena 15, ena a mtauni ena a kumudzi, ndipo pa funso lililonse muziwafunsa kuti "Mwamva kuti ndikufunsa chiyani?" Pa mawu ovuta, a Centre for Language Studies ali konkuno ku Zomba.

Che_Malosa
Ndipo kumbali ya Malosa ndi Domasi yesaninso pa olankhula Chiyao kunyumba. Chichewa amachimva, koma "apakatikati" ena amva ngati mukunena za msinkhu.

WakuChinamwali
Zamveka. Koma nyakwawa ija sindinaipezerebe mulu.

Mlangizi_Chingale
Ipatseni mizere iwiri. Pa kapezedwe ilowe pamene nkhokwe yake yaiika. Pansi pake onjezani funso loti "Kodi m'nyumba muno muli amene ali ndi udindo m'mudzi, kumpingo, kumzikiti kapena m'komiti?" ndipo mulembe udindowo ndi dzina lake: nyakwawa, nduna ya mfumu, nankungwi, shehe, mkulu wampingo, wapampando wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC). Musaziphatikize kukhala nambala imodzi.

Kalaliki77
Ndipo funso limenelo likhale kumapeto kwa fomu. Mukayamba nalo, a nyakwawa akhala tsonga, ndipo mbuzi zonse za mbumba zisanduka zawo.